PHUNZIRO 17: CIMWEMWE CA MKRISTU PAMENE MOYO WAPANIKIZA

Colinga ca phunziro: Tidziwe kuti Mulungu sadikira kuti mabvuto athu ayambe atha kuti atipatse cimwemwe. Amatipatsa tsiku ndi tsiku, pang'ono pang'ono, ndipo ife tiyenera kuphunzira kucizindikira ndi kucisunga.

Mau a Mulungu oti awerengedwe: Eksodo 16, 1-21, Yeremia 29, 1-14, Nchito za Apostoli 16, 22-34, Afilipi 4, 4-13.

1. Tiyang'ane moyo wathu

Abale anga okondedwa akatekumeni, ena a inu mwatha caka muli pa maphunziro a ubatizo, ena mwatha zaka ziwiri. Pa nthawi imeneyi taona anzathu ena amene tinayamba nawo pamodzi akuleka pa njira. Tikawayendera ndi kuwafunsa cifukwa cace, ambiri sanena kuti aleka kukhulupirira Mulungu. Amangoti: "Aphunzitsi, mtima wanga walema. Moyo wandipanikiza kale, ndipo Cikristu cikungoonjezera malamulo."

Mau amenewa sitiwapeputsa, pakuti tonsefe tikudziwa m'mene moyo uliri kuno ku Maravia. Kucokera ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera kukafika ku Fingoé ndi ulendo, ndipo mzinda wa Tete uli kutali koposa. Mvula ikagwa, mitsinje imadzaza, miseu imaonongeka, ndipo mudzi umakhala ngati watsekedwa. Wodwala amabvutika kufika ku cipatala. Wansembe amatha miyezi asanafike pa chalichi cathu. M'caka ca 2020, cifukwa ca mliri wa Covid-19, ngakhale macalichi anatsekedwa. M'caka ca 2024 mvula inabvuta, cimanga cinafota m'minda yambiri ya cigawo ca Tete, ndipo nkhokwe zinakhala zopanda kanthu.

Pamwamba pa izi, mkatekumeni ali ndi mpanda wace wina. Amaona Akristu anzace akupita kukalandira Ukaristia, iye n'kukhala pansi. Wauzidwa kuti aleke kuombeza ula, aleke kuledzera, akonze za ukwati wace. Abale ace ena amamseka. Mnyamata amaona anzace akupita ku Zambia kapena ku Tete kukafuna ndalama, iye n'kutsala akusamala makolo okalamba. Mai amadzuka kusanace, natunga madzi, nalima, nasinja, naphika, nagona mocedwa, ndipo mawa lace n'cimodzimodzi.

Tsono funso la lero ndi ili: kodi munthu wokhala m'moyo wotere angathe kukondwa, kapena ayenera kudikira mpaka zinthu zitasintha?

2. Zimene makolo athu anaona

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tiyambe takumbuka kumene tacokera, pakuti dziko lathu lino lidaona mipanda yoposa ya lero.

M'caka ca 1968 nkhondo yomenyera ufulu inafika m'cigawo ca Tete. Boma la Apwitikizi linayamba kucotsa anthu m'midzi yao ndi kuwasonkhanitsa m'malo ochedwa aldeamento, kuti asathandize ankhondo a Frelimo. Anthu anasiya minda yao, mitengo yao ya zipatso ndi manda a makolo ao. M'malo ambiri otere munali alonda a mfuti, munthu sankaturuka monga afunira, ndipo ankalima pafupi pokha. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, koma mtendere sunakhalitse. Masukulu ndi zipatala za mishoni zinatengedwa ndi boma, ansembe anacepa, ndipo panafika nthawi yoti munthu sankayenda ulendo popanda cikalata cochedwa guia de marcha. Kenaka nkhondo ya paciweniweni inakula, ndipo anthu ambirimbiri a cigawo cino anathawira ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Zambia, kumene ena anaikidwa ku Ukwimi m'dera la Petauke. Nkhondoyo inatha ndi cipangano ca mtendere cimene cinasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Ine ndinali mwana pamene tinathawira ku Zambia, ndipo ndinakulira m'manja mwa ambuya anga, amai a mai anga. Iwo anali ataona mipanda iwiri: wa aldeamento ali mai wa ana, ndi wa uthawi ali nkhalamba. Pothawa sanatenge mbale kapena nsalu yaciwiri, koma anamanga m'cigamba mbeu za maungu, za nyemba ndi za therere. Tsiku lacitatu titapatsidwa malo, iwo anali atakumba kale maenje kuseri kwa msasa. Korona yao inatayika pa njira, ndipo anapota luzi namanga mfundo zowerengera mapemphero. Madzulo ali onse, tisanagone, ankatifunsa mmodzi mmodzi kuti: "Iwe, lero Mulungu wakupatsa ciani?" Munthu sankaloledwa kuyankha kuti palibe. Wina ankachula phala, wina mthunzi, wina kuti mutu wasiya kuwawa.

Tsiku lina mbale wanga wamng'ono atamwalira, ine ndinakana kuyankha, ndinati lero Mulungu sanandipatse kanthu, wangondilanda. Ambuya sanandikalipire. Analira nane nthawi yaitali, ndipo pambuyo pace anati: "Ine wandipatsa iwe woti ndilire nawe." Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti cimwemwe ca iwo sicinali ca munthu wosamva kuwawa. Anali munthu amene anakana kuti mpanda wozinga thupi lace uzingenso mtima wace.

Ndi anthu otere amene anasunga cikhulupiriro m'dziko muno pamene kunalibe ansembe. Mu Seputembala 1977, pa msonkhano waukuru wa Eklezia wa Mozambique ku Beira, anagwirizana kuti Akristu azisonkhana m'magulu ang'onoang'ono, ndipo azigawana okha nchito za kutsogolera mapemphero, kuphunzitsa, kuyendera odwala ndi kuika maliro. Eklezia atalandidwa zazikuru anakhala ndi moyo cifukwa ca zazing'ono: pemphero la pansi pa mtengo, nyimbo ya madzulo, nsengwa ya ufa yopita kwa wamasiye.

3. Timve Mau a Mulungu

Mulungu anaphunzitsa anthu ace nzeru imeneyi kuyambira kale.

M'buku la Eksodo tamva za Aisraele m'cipululu. Anali ataturuka mu ukapolo, koma asanafike m'dziko lolonjezedwa, monga inu akatekumeni mwasiya moyo wakale koma simunafike pa madzi a ubatizo. Anayamba kudandaula nakumbukira miphika ya nyama ya ku Ejipito. Mulungu anawapatsa mana, koma onani m'mene anaperekera: m'mawa uli wonse munthu ankatola za tsiku limenelo zokha. Amene anafuna kusunga zambiri, mawa lace anapeza zitagwa mphutsi. Mulungu akadatha kuwadzazira nkhokwe ya zaka makumi anai, koma anafuna kuti aphunzire kulandira m'manja mwace tsiku ndi tsiku. N'cifukwa cace Ambuye Yesu, potiphunzitsa kupemphera, anatiuza kuti tizipempha cakudya ca lero.

Mneneri Yeremia analembera kalata Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babiloni. Iwo anali atangokhala manja lende, kuyembekeza kuti abwerera kwao msanga, ndipo aneneri onama ankawalimbikitsa m'maganizo amenewo. Yeremia anawauza zoona: ukapolo udzakhala wa zaka 70. Cifukwa cace anawalangiza kuti amange nyumba, alime minda, adye zipatso zace, akwatire ndi kukwatitsa ana ao, ndiponso apempherere mzinda umene anali kukhalamo. Kunena kwina, asataye moyo wa lero cifukwa codikira mawa. Mbeu za maungu za ambuya anga zinali kumvera kalata imeneyi, ngakhale iwo sanadziwe kuwerenga.

Ku Filipi, Paulo ndi Silasi anakwapulidwa, naponyedwa m'kati mweni mweni mwa ndende, miyendo yao itamangidwa m'matangadza. Pakati pa usiku anali kupemphera ndi kuimbira Mulungu nyimbo, akaidi anzao akumvetsera. Taonani bwino: anaimba civomezi cisanafike, zitseko zisanatseguke, asanadziwe ngati adzaturuka amoyo. Ndipo Paulo yemweyo, ali m'ndende inanso, analembera Akristu a ku Filipi kalata yodzala ndi mau a cimwemwe. M'menemo akuti anacita kuphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, pa nthawi ya kukhuta ndi pa nthawi ya njala. Ngati Paulo anacita kuphunzira, ndiye kuti sanabadwe nazo, ndipo ifenso tingathe kuphunzira.

Koposa onse tiyang'ane Ambuye athu Yesu Kristu. Anakhala zaka pafupifupi 30 m'kamudzi konyozeka ka Nazareti, m'dziko lolamulidwa ndi Aroma, akugwira nchito ya manja. M'maphunzitso ace timaona zimene maso ace ankapenya: mbalame, maluwa a kuthengo, mai wokanda ufa, mbusa wopeza nkhosa yace, ana osewera pa bwalo. Cozizwitsa cace coyamba anacicita pa phwando la ukwati ku Kana. Ndipo usiku woti aperekedwa anadya ndi ophunzira ace, nathokoza Atate, naimba nawo nyimbo asanapite ku phiri la Olivi.

4. Ciphunzitso ca Eklezia

Eklezia amatiphunzitsa kuti cimwemwe ndi cimodzi mwa zipatso za Mzimu Woyera, monga Paulo Woyera anazichula m'kalata yace kwa Agalatia. Cipatso sicigulidwa pa msika, cimabadwa pa mtengo wosamalidwa bwino. Mtengowo ndi mtima wokhala m'caulere ca Mulungu.

M'caka ca 1975 Papa Paulo VI analembera Akristu onse kalata yonena za cimwemwe, yochedwa Gaudete in Domino. M'menemo anati anthu ayenera kuphunziranso kukondwera ndi zabwino zazing'ono zimene Mlengi waika pa njira yao, monga moyo weniweniwo, cikondi ca m'banja, cilengedwe, nchito yogwiridwa bwino ndi kutumikira ena. Munthu wosadziwa kulandira mphatso zazing'onozi, mtima wace sukonzeka kulandira mphatso yaikuru, imene ndi Mulungu mwini.

Ngakhale kalendala ya Eklezia imatiphunzitsa zomwezi. Pakati pa nyengo ya Adventi, Lamulungu lacitatu ndi la cimwemwe. Pakati pa nyengo ya Lenti, Lamulungu lacinai ndi la cimwemwenso. Eklezia, monga mai wodziwa ana ace, amaika popumira pakati pa ulendo wa kulapa.

Tereza Woyera wa Mwana Yesu analowa m'nyumba ya masisitere ku Lisieux ali ndi zaka 15, ndipo sanaturukemo mpaka anamwalira m'caka ca 1897 ali ndi zaka 24. Nchito zace zinali kusesa, kucapa ndi kupirira anzace obvuta, koma zonse ankazicita ndi cikondi. M'caka ca 1927 Eklezia anamsankha kukhala nkhoswe ya mishoni zonse za pa dziko lapansi, iye amene sanayendepo ulendo wa umishoni. Pamaso pa Mulungu, kukula kwa munthu sikuyesedwa ndi kukula kwa malo amene akukhala.

Ndipo inu akatekumeni musadziyese alendo. Msonkhano wa Vatikano Waciwiri unanena momveka kuti Eklezia amakuyesani kale ana ace, ndipo amakufungatirani ndi cikondi. Kudikira kwanu kuli ngati kwa mlimi amene wabzala: sanadye zatsopano, koma amakondwa poona mmera.

5. Mafuwa atatu

Mphika sukhala pa fuwa limodzi kapena awiri. Likasowa limodzi, mphika umapendekeka ndipo ndiwo zimatayikira pa moto. Momwemonso tsiku la Mkristu limakhala bwino pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi pemphero. Podzuka citani cizindikiro ca mtanda ndi kupereka tsikulo kwa Mulungu. Madzulo, musanapemphe cikhululukiro ca macimo anu, yambani mwachula zabwino zitatu zimene mwalandira: madzi ozizira a pa citsime, mwana amene waseka, mnansi amene wakubwerekani nkhwangwa. Poyamba mudzaona ngati palibe coti muchule, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukazolowera mudzapeza kuti zitatu zacepa.

Fuwa laciwiri ndi nchito. Pali zinthu zimene simungathe kusintha lero: mvula, mseu, mtengo wa feteleza. Koma pali zina zimene ziri m'manja mwanu: kusesa pa bwalo, kukonza denga, kubzala mtengo wa mango kapena wa papaya, kulima kadimba m'mbali mwa mtsinje, kuweta nkhuku, kuphunzira kuwerenga. Munthu akamangoganizira zimene sangathe, mphamvu zimamthera ali cikhalire. Akagwira cimodzi cimene angathe, mtima umapepuka. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Fuwa lacitatu ndi mpumulo pamodzi ndi abale. Lamulo lacitatu la Mulungu ndi mphatso kwa anthu otopa. Tsiku Lamulungu, kaya wansembe alipo kaya palibe, sonkhanani, imbani, mverani Mau. Mukaweruka cezani, yenderani odwala, sewerani bawo, fotokozerani ana nthano. Ndipo inu abambo, kumbukani kuti amai nawonso analengedwa kuti azipuma. Ngati bambo apuma Lamulungu pamene mkazi wace akusenza yekha madzi ndi nkhuni, m'nyumba imeneyo lamulo lasungidwa theka.

Cenjerani ndi zinthu zimene zimaoneka ngati cimwemwe koma ziri msampha. Kacasu amaiwalitsa mabvuto usiku umodzi, m'mawa amawabweza ataonjezerapo ngongole ndi ndeu. Juga, ciwerewere ndi miseche ziri cimodzimodzi. Muyezo wace ndi uwu: cimwemwe cocokera kwa Mulungu cimasiya mtendere, sicicititsa manyazi kukaca, ndipo sicilipiridwa ndi misozi ya munthu wina.

Cenjeraninso ndi kutaya mtima kobvala dzina la kupirira. Kuno kwathu tinatengera kwa Apwitikizi mau akuti paciência, ndipo kawirikawiri timawanena pamene tagwa mphwayi, ngati kunena kuti palibenso cocita. Kupirira kwa Mkristu sikuli kotero. Paulo amene anaimba m'ndende ndi yemweyo amene m'mawa mwace anakana kuturutsidwa mobisa, nafuna kuti akuluakulu amene anamkwapula popanda mlandu abwere okha. Tsono mai womenyedwa m'nyumba, mwana woletsedwa sukulu, mlimi woberedwa pa sikelo, asauzidwe kuti angokondwa. Nkhani zotere zipite kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, kwa amfumu kapena ku boma. Ndipo ngati cisoni cakhalitsa mwa munthu mpaka kusadya, kusagona, kapena kuganiza zodzipha, imeneyo ndi nthenda, si chimo la kucepa cikhulupiriro ai. Auze mnzace wokhulupirika, ndipo abale amperekeze ku cipatala. Mutu umodzi susenza denga.

6. Mafunso ndi mayankho oloweza

F. Kodi cimwemwe ca Mkristu cicokera kuti?
Y. Cimwemwe ca Mkristu cicokera kwa Mulungu, amene amatikonda ndipo ali nafe masiku onse.

F. Kodi Mkristu ayenera kudikira kuti mabvuto athe kuti akondwe?
Y. Iai, pakuti Mulungu amatipatsa zabwino zace tsiku ndi tsiku, ngakhale pakati pa mabvuto.

F. Kodi mana a m'cipululu atiphunzitsa ciani?
Y. Atiphunzitsa kulandira ndi kuthokoza za lero, ndi kusiya za mawa m'manja mwa Mulungu.

F. Kodi Mkristu aloledwa kulira?
Y. Inde, aloledwa, pakuti Yesu yemwe analira pa manda a Lazaro. Koma salira ngati munthu wopanda ciyembekezo.

F. Chulani mafuwa atatu a tsiku la Mkristu.
Y. Pemphero, nchito, ndi mpumulo pamodzi ndi abale.

F. Tizindikira bwanji cimwemwe conama?
Y. Cimwemwe conama cimasiya manyazi ndi nkhawa, ndipo cimapweteka anzathu.

F. Kodi kupirira ndiko kukhala cete pa zosalungama?
Y. Iai, Mkristu amapirira zimene sangathe kusintha, koma amayesetsa kukonza zimene angathe, mwa njira ya mtendere.

7. Zokambirana m'magulu

a) Ndi ciani cimene cikukupanikizani koposa masiku ano? Mwa zimenezo, ndi ziti zimene ziri m'manja mwanu, ndipo ndi ziti zimene siziri m'manja mwanu?
b) Funsani nkhalamba ya m'mudzi mwanu imene inaona aldeamento kapena uthawi kuti ikuuzeni cimene cinkailimbitsa mtima.
c) Pa mafuwa atatu aja, ndi liti limene lasowa m'nyumba mwanu?

Zocita sabata ino: Madzulo ali onse banja lonse likhale pamodzi, ndipo ali yense achule cabwino cimene Mulungu wampatsa tsiku limenelo. Ndiponso ali yense wa inu ayendere mkatekumeni mmodzi amene analeka kubwera, osati kukamdzudzula, koma kukaceza naye ndi kumthandiza nchito imene ampeze akugwira.

Pemphero lotsekera

Atate athu a cifundo, Inu munadyetsa anthu anu m'cipululu, ndipo munasunga makolo athu m'masiku a nkhondo ndi a uthawi. Tsegulani maso athu kuti tione zabwino zimene mumatipatsa tsiku ndi tsiku. Pamene tatopa mutipumitse, pamene talira mutitumizire mbale wotitonthoza, pamene taona zosalungama mutipatse mphamvu ya kulankhula. Mutisunge pa ulendo wathu mpaka tifike pa madzi a ubatizo ndi pa tebulo la Mwana wanu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.